Chuku cha Kuseri kwa Kabati

Kunali mayi wina ku Bangwe, kumtunda kwenikweni, kumene nyumba zimaoneka ngati zaberekana pamsana. Ntchito yake inali yogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Mwamuna wake anamwalira, n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Ndaziona. Choncho anthu ankangomuitana kuti amake Ndaziona.

Mayiyu anali atasamukasamuka mpaka kutopa. Nyumba yoyamba imene ankachita lendi inkadontha. Atapita kukanena, eni ake anangoti, "Ngati yakunyansa tuluka, oifuna alipo ambiri." Mwezi usanathe, katundu wake anali pabwalo. Kwina anadandaula za chimbudzi chimene chinkafuna kugumuka. Kumenekonso anamuonetsa msana wa njira. Kuyambira pamenepo anadziuza mumtima kuti munthu wa lendi alibe pakamwa. Ukaona choipa, meza malovu, ukhale.

Kenako anapeza nyumba ya zipinda ziwiri kwa bambo Namaona. Bambowa anali mkulu wa imvi, wopuma pantchito ya njanji. Anali ndi tinyumba tingapo ta lendi pachitundapo, koma iwo ankakhala kumunsi, pafupi ndi msewu. Nyumbayo inali yabwino ndithu. Pansi pa simenti, malata osadontha, mpopi pafupi, sukulu ya mwana yongoyenda pansi. Chovuta chinali chimodzi chokha: khoma lakumbuyo linachita kutsamira chitunda.

Tsiku lopereka kiyi, bambo Namaona anati, "Mayi, nyumbayi ndi yanga, koma ogonamo ndinu. Za m'katimu ine sindingazione ndili kwathu. Mukaona chovuta, bwerani mudzandiuze."

"Zikomo, bambo," anatero mayiyo, uku akuwomba m'manja. Koma mumtima ankati, onse amayamba chonchi.

Dzinja linafika. M'mawa wina akusesa kuchipinda, anaona timadontho takuda pakona, m'munsi mwa khoma lakumbuyo lija. Anapukuta ndi kasanza, tinachoka. Patapita masiku tinabweranso, ulendo uno titaitana ndi achibale. Anakwecha ndi sopo. Tinabweranso. Anagwira khomalo, n'kupeza kuti ndi lozizira, lonyowa ngati mphuno ya galu. Chinali chuku, chija chimagwira chimanga chikasungidwa chisanaume. Tsopano chinali kumera m'chipinda chimene iye ndi mwana wake ankagona.

Ndipo tisabise, abale anga, mayiyu nayenso ankachidyetsa chukucho osadziwa. Popeza ankaswera kumsika, mazenera sankatsegula, kuopa akuba. M'mipata monse anatsekamo nsanza. Zovala za kaunjika akazichapa mvula n'kumagwa, ankamanga zingwe m'nyumba momwemo n'kuyanika. Madzi osamba ankatereka pambaula m'nyumba momwemo. Nyumba inkachita kutuluka thukuta.

M'kanyumba koyandikana naye munkakhala mayi wina dzina lake Nagama, nayenso wa lendi kwa bambo Namaona. Amake Ndaziona anamuitana kuti adzaone.

"Asisi, musayerekeze kukanena," ananong'ona Nagama. "Adzati mwaononga nyumba ndinu. Gulani laimu mupake. Ine kwanga ndimangopaka."

Anagula laimu, anapaka. Khoma linayera kuti mbee! Anaima chapatali n'kumalisirira, mtima uli m'malo. Koma laimu salowa m'kati mwa njerwa. Posakhalitsa anayamba kutukumuka, kenako kuyoyoka, ndipo chakuda chija chinatulukira pamwamba pa choyera. Anapakanso. Chinatulukanso. Pomaliza anakoka kabati yaikulu ya zovala n'kuitsamiritsa pakhomalo. Basi, chuku sichinkaonekanso.

Koma mphuno siitsekedwa ndi kabati. Tsiku lina Ndaziona akuchokera kusukulu anati, "Amayi, m'nyumba muno mukununkha. Anzanga akuti ngakhale yunifomu yanga ikununkha."

"Khala chete. Usakauze munthu, wamva?"

Mwana anamva. Anaphunzira nayenso kukhala chete.

Bambo Namaona ankadutsa nthawi zina, ndodo m'manja, kuzonda anthu awo.

"Muli bwanji m'nyumbamo, mayi?"

"Tili bwino, bambo. Palibe chovuta."

Ankayankha ataima pakhomo penipeni, thupi lake litatseka njira. Mkuluyo ankamuyang'ana kanthawi, ngati akudikira mawu ena, kenako n'kupitirira. Mayiyo akatseka chitseko ankadziuza kuti, ndidzanena mvula ikatha.

Mvula inatha, koma chinyezi sichinathe. Kunabwera chiperoni, kamvula kowaza kaja ka m'nyengo yozizira, kamene kamakuta Bangwe yense masiku ambirimbiri dzuwa osaoneka. Kuseri kwa kabati, mumdima, chuku chinapeza pabwino. Chinakwera. Chinatambasuka. Chinayamba kusuzumira pamwamba pa kabati. Chinalowa m'matilesi, chinalowa m'zovala. Kumsika, kasitomala ankatola diresi, n'kulinunkhiza, n'kulibweza mwakachetechete n'kupita pabenchi ya wina.

Zimenezo akanapirira. Koma chuku chinalowanso m'chifuwa cha Ndaziona.

Mtsikanayu anali wa mawu. Ku Sande sukulu ndiye ankayambitsa nyimbo. Tsopano akangoyamba, chifuwa chinkamudula pakati. Akamakwera chitunda kuchokera kusukulu, ankaima panjira, manja pamaondo. Akamapuma, m'chifuwa munkalira ngati muli kamwana ka mphaka. Mayi ake anagula mankhwala pagolosale, anawiritsa mandimu ndi masamba a bulugama. Sizinathandize. M'mawa wina mwanayo analephera kudzuka. Maso anali tong'o, mapewa akukwera ndi kutsika, mpweya osalowa.

Mayiyo anamubereka, ngakhale anali wamkulu kale, miyendo ikulendewera, n'kuthamangira naye kuchipatala. Kumeneko anamuika chopumira kumphuno mpaka mpweya unabwerera. Namwino anayang'ana mayiyo n'kufunsa kuti, "Kumene amagona mwanayu n'kouma?"

Mayiyo anangowerama.

"Mankhwala ndikupatsani," anatero namwinoyo. "Koma mukakamubwezera m'chipinda chomwecho, mubweranso kuno. Ndipo si nthawi zonse pamene munthu amafika msanga."

Pobwerera, atatsika minibasi, mayiyo anaima pamphambano, mwana ali kumsana. Njira ina inkakwera kunyumba kwake. Ina inkatsikira kwa bambo Namaona. Mantha anayamba kumulankhula. Ukakanena akuthamangitsa, ndiye kuzizira kuno ukalowera kuti ndi mwana wodwala? Si iwe unkawanamiza pakhomo paja? Kwera, ukapakenso laimu. Anaponya phazi kulowera kumtunda. Pomwepo mwana anatsokomola kumsana kwake, ndipo chifuwacho anachimva m'nthiti mwake momwe. Anatembenuka. Anatsika.

Anawapeza bambo Namaona akukonza khola la nkhuku. Anagwada panthaka yonyowa.

"Bambo, ndakhala ndikukunamizani. M'nyumba muja simuli bwino. Khoma lavunda, ndipo mwana wangayu anatsala pang'ono kufa."

Mkuluyo sanafunse zambiri. Anaitana mayi a kunyumba kwawo kuti alandire mwanayo, amufunditse bulangete. Kenako anatenga chipewa ndi ndodo.

"Tiyeni mukandionetse."

Atalowa m'chipindamo, fungo ndi limene linawalandira. Anayang'ana kabati, n'kuyang'ana mayiyo.

"Tiisunthe."

Mayiyo anagwira mbali imodzi, iwo mbali inayo, n'kukoka.

Khoma linali bii, kuyambira pansi mpaka kudenga. Pena panali pobiriwira, pena paubweya. Thabwa lakumbuyo kwa kabati linatsalira pomwepo, litaola. Bambo Namaona anagogoda ndi ndodo, pulasitala n'kugwa ngati phulusa lonyowa.

Anatuluka, anazungulira kuseri. Kumeneko anapeza kuti dothi la kuchitunda linagumukira pakhoma n'kukwirira ngalande, moti madzi onse otsika kumtunda ankathera m'njerwa za nyumbayo. Anabwerera m'nyumba. Anayang'ana zingwe zodzadza zovala. Anayesa kutsegula zenera, linakana. Anasolola nsanza imodzi mumpata n'kuiyang'anitsitsa. Nthawi yonseyi mayiyo anali chiimire, akuganiza za amene angamusungire katundu.

Mkuluyo anakhala pampando.

"Mayi, mlanduwu uli pawiri. Madzi akulowera kuseri. Khoma ndi langa, maziko ndi anga, ngalande ndi yanga. Ndikanayenera kuzungulira kuseriko kalekale. Zimenezo inu simukanazitha, ngakhale mukanapaka laimu yense wa mu Limbe. Ndikonza ndine."

Mayiyo anadzutsa mutu pang'ono.

"Koma zenera ili analitseka ndani? Zingwe izi anamanga ndani? Izi ndi zanu. Ndipo chachikulu n'chakuti munaona, osanena. Chikadali kadontho, tikanathana nacho ndi khasu lokha. Lero tichita kugumula."

"Ndinkaopa kuti mundithamangitsa, bambo."

"Kutuluka ndiye mutuluka, lero lomwe."

Mtima wa mayiyo unangoti myuu.

"Mwana uja sagonanso muno," anapitiriza mkuluyo. "Kwathu kuli chipinda chimene ankagona ana athu, pano mulibe munthu. Mukakhala m'menemo mpaka nyumba yanu itauma."

Mayiyo anangokhala pansi n'kulira, kulira kwa munthu amene watula mtolo umene unamuthyola khosi nthawi yaitali.

Musaganize kuti zotsatira zake zinali zokoma. Amisiri anabwera ndi nyundo zawo. Anatulutsa katundu yense pabwalo, masanasana, anthu akuona. Anagumula pulasitala yense mpaka njerwa zinaonekera, ndipo nyumba inaoneka yonyansa kuposa kale. Aliyense wodutsa ankasuzumira. Panja anasonkha moto. Matilesi analowa pamoto. Kabati inalowa pamoto. Zovala zimene chuku chinadya zinalowa pamoto.

Pansi penipeni pa mulu wa zovalazo panali jekete la malemu mwamuna wake. Linali litachita mawanga akuda paliponse, nsalu yake yofumbutuka. Mayiyo analikumbatira pachifuwa.

"Limeneli sindikukakamizani," anatero bambo Namaona motsitsa mawu. "Koma mukalibwezera m'nyumba, libwera ndi mbewu yake."

Mayiyo anaima nthawi yaitali. Kenako anayenda yekha mpaka pamoto, n'kuliika ndi manja ake.

Nagama anali ataima pakhomo pake, manja m'chiuno. "Mwaonatu, asisi? Manyazi onsewa mwadziputira nokha."

Koma maso a amake Ndaziona anali kuseri kwa nyumba. Kumeneko bambo Namaona, ndi imvi zawo zomwe, anali atavala majombo, khasu m'manja, matope mpaka m'maondo, akukumba ngalande pamodzi ndi amisiri. Anaikumba yakuya. Anayalamo miyala ndi simenti, n'kuilozetsa kukhwawa. Ataweramuka kupukuta thukuta, anaona Nagama.

"Nanga kwanuko, mayi, kuli bwanji?"

"Kwathu kuli bwino, bambo," anayankha Nagama, n'kulowa, n'kutseka chitseko.

Khoma lija amisiri analisiya losapaka kanthu, chitseko ndi mazenera zili zotsegula. Masabata anadutsa. Kumunsi kuja, mayiyo ankadzuka m'mamawa kusesa bwalo, kutunga madzi, kutsuka mbale za eni nyumba, kufuna kuti abwezeko kenakake. Mayi Namaona anamulanda tsache. "Simuli paganyu pano, mwana wanga. Ndinu apabanja. Khalani pansi mumwe tiyi." Ndaziona ankagona pouma, ndipo pang'onopang'ono kulira kuja kunachoka m'chifuwa mwake. Masaya anabwerera.

Komabe kwa eni ndi kwa eni. Mayiyo anayamba kutopa nako kudikira.

"Bambo, bwanji osangopaka tsopano?"

"Tikapaka lisanaume, titsekera madzi m'kati. Lisiyeni dzuwa ligwire ntchito yake."

Dzuwa la chilimwe linalowa, mphepo inadutsa, njerwa zinauma kuti gwaa. Apo m'pamene anamata pulasitala watsopano n'kupaka penti. M'mazenera anaikamo zitsulo zolimba, kuti mayiyo azitsegula osaopa wakuba. Pambali pa nyumba anakhoma kashedi ka malata koyanikamo zovala mvula ikamagwa.

Mayi ndi mwana anabwerera m'nyumba mwawo. M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, mayiyo ankatsegula mazenera onse. Mbaula inkayakira panja. Katundu anamuika motalikirana ndi khoma, kuti mphepo izidutsa, diso lizifikanso. Mvula yoyamba itawaza, anaona kadontho kamodzi ka madzi pafupi ndi chitseko. Sanadikire kuti kuche kawiri. Anatsika tsiku lomwelo kukanena. Bambo Namaona anaseka, anabwera ndi makwerero, anapeza msomali umodzi utazuka padenga, anaukhomerera. Nkhani inathera pomwepo.

Koma nyumba siiyesedwa ndi mvula yowaza. Lamulungu lina masana, mayi ndi mwana atangobwera kuchokera kutchalitchi, kumwamba kunada. Mabingu anagunda. Mvula inakhuthuka ngati wina wagubuduza mgolo. Madzi anatsika m'chitunda ali ofiira, akukokolola miyala ndi zinyalala, akulunjika panyumba ya mayi uja.

Mantha akale anadzuka. Mayiyo anathamangira kuchipinda, anaika chikhatho pakhoma. Louma. Anagwada, anapapasa pakona. Pouma. Anakwera pampando, anapapasa m'mwamba. Mouma! Anafunda chitenje kumutu, anatuluka mumvula momwemo, anazungulira kuseri. Madzi anali atafika ndi ukali wawo wonse, koma ngalande inawalandira n'kuwakhotetsa, ndipo ankadutsa akubangula, kulowera kukhwawa, osakhudza njerwa ngakhale imodzi.

Mayiyo anaiwala kuti ndi munthu wamkulu. Anaimba nthungululu mumvula. Anavina m'matope, chitenje chitagwera uko. Ndaziona anaima pakhonde n'kuyambitsa nyimbo yotamanda, mawu ake akupikisana ndi phokoso la malata, ndipo anaimba yonse mpaka kumapeto, osatsokomola.

Anthu a m'tinyumba tija anatuluka kudzaona kuti kwagwanji. Nagama anabwera ndi chikolopa m'manja, chifukwa kwake madzi anali atalowa. Analowa m'chipinda cha amake Ndaziona. Anagwira khoma. Analigwiranso. Kenako anati, "Asisi, mvulayi ikakata mundiperekeze kwa bambo Namaona."

Mvula itakata, anatsika awiri. Ali pakati pa njira anacheuka, n'kuona kuti pambuyo pawo pakubwera enanso.

Abale ndi alongo, mwini nyumba ndi Mulungu. Moyo uwu, thupi ili, banja ili, ife tikungokhalamo. Mwini wake alipo. Ndipo aliyense wa ife ali ndi khoma lakumbuyo. Kwa wina ndi chidani ndi m'bale wake, moti sanapatsane moni chimwalilire makolo. Kwa wina ndi botolo. Kwa wina ndi foni ija imene amaivundikira mkazi wake akangolowa. Chimayamba ngati kadontho. Ndiye timapaka laimu: suti yosita bwino, yunifomu ya chigwirizano yoyera mbee, Aleluya wokweza kuposa wa anthu onse. Akatifunsa kuti muli bwanji, timaima pakhomo n'kunena kuti tili bwino. Koma chobisika sichifa. Chimakula mumdima, ndipo oyamba kubanika nacho ndi ana athu.

Tamverani. Pali ntchito ya Mwini nyumba, palinso ntchito yanu. Kutseka kumene tchimo likulowera, kugumula chovunda, kumanga mtima watsopano, imeneyo si yanu. Simungaithe. Iye anasiya ulemerero wake n'kulowa m'matope mwathu kuti aigwire yekha. Yanu ndi yochepa, koma palibe amene angakugwirireni. Pitani mukanene. Sunthani kabati. Lolani kuti zovunda zipse, ngakhale zimene mtima ukuzikakamira. Ndipo m'mawa uliwonse tsegulani mazenera, kuwala kwake kulowe.

Mwina anthu anakuthamangitsanipo mutanena zoona. Mwina zinachitikira mumpingo momwe. Iye si wotero. Amene wabwera kudzaulula samutaya panja. Amamutengera kwawo, n'kumukonzera nyumba. Mvula idzabweranso, pamenepo sindingakunamizeni. Koma idzapeza ngalande yokumbidwa ndi Mwini wake, ndipo idzadutsa. Inu mudzaika dzanja pakhoma, mudzalipeza louma, ndipo m'nyumba mwanu mudzamveka nyimbo.

Ndiye musakagulenso laimu. Nyamukani lero lino, mupite kwa Mwini nyumba. Ameni.